KOMPYUTA YA MTENGO WOKWERA: KODI NDALAMA ZOONJEZERAZO ZIMAGULA CHIYANI?

Ndi Mlembi Wathu wa Zamalonda

Masiku ano ndi maofesi ochepa, masukulu ochepa ndi masitolo ochepa amene angathe kuyendetsa bwino ntchito zawo popanda kompyuta. Mwini chigayo amene afuna kusunga bwino mawerengero a ndalama zake, mphunzitsi wamkulu amene akonza mayeso a ana, mlembi wa mpingo, ngakhalenso mnyamata amene watsegula kanyumba kotayipira ndi kusindikiza makalata pafupi ndi msika, onsewa tsiku lina amaima m'sitolo ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu nayang'ana makina awiri ofanana maonekedwe koma osiyana mtengo. Wogulitsa amaloza odulawo nanena kuti ndiwo amphamvu. Wogula amagwira m'thumba nakayika. Kodi ndalama zoonjezerazo zigula chinthu chenicheni, kapena zingolowa m'madzi?

Tifuna kuti awerengi athu aimvetsetse nkhani imeneyi, pakuti kulakwitsa pogula kompyuta kumawawa kwambiri kuno kwathu kusiyana ndi kumaiko kumene makinawa amapangidwa. Kompyuta iliyonse imene tiona m'sitolo inachokera kunja, ndipo inagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi imene inali kugulidwa ndi K1,180 inayamba kugulidwa ndi K1,700 kumabanki. Katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo. Chotero munthu amene wagula makina osayenera ntchito yake sangathe kungowataya ndi kukagula ena mwezi wamawa. Adzakhala nawo zaka zambiri, kaya akumuthandiza kaya akumusowetsa mtendere.

MPHAMVU YA MAKINA IMATSIKA MTENGO

Choyamba tiyenera kukumbukira mbiri ya makinawa. Mu Ogasiti 1981 kampani ya IBM ya ku America inatulutsa kompyuta yake ya patebulo, imene inakhala kholo la makompyuta ambiri amene tiona m'maofesi lero. Mtengo wake unayambira pa madola 1,565, ndipo inali ndi RAM ya 16 KB yokha. M'chaka cha 2024 kampani ya Apple inatulutsa kompyuta yaing'ono ya patebulo yotchedwa Mac mini, ya purosesa ya M4, pa mtengo wa madola 599, ili ndi RAM ya 16 GB. Ndiye kuti RAM inachuluka kuwirikiza ka miliyoni imodzi, pamene mtengo sunafike ndi theka lomwe la mtengo wakalewo.

Zimenezi anazioneratu Gordon Moore, mmodzi wa anthu amene anayambitsa kampani ya Intel. M'chaka cha 1965 iye analemba kuti chiwerengero cha tiziwalo tating'ono ta m'kati mwa makinawa chidzakhala chikuwirikiza kawiri chaka chilichonse, ndipo mu 1975 anakonza mawu akewo nati zaka ziwiri zilizonse. Liwiro limeneli lachepako m'zaka zaposachedwapa, koma phunziro lake likadalipo: munthu amene alipira ndalama zambiri lero kuti agule mphamvu imene adzaifuna zaka zisanu zikubwerazo, kawirikawiri amadzapeza kuti mphamvu yomweyo ikugulitsidwa motchipa pa nthawi imene waifunadi. Komanso kuchepa kwa liwirolo kwatibweretsera ubwino wina, pakuti kompyuta yosankhidwa bwino tsopano ikhoza kugwira ntchito za muofesi zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, kapena kupitirira apo, isanayambe kuoneka yachikale.

ZIWALO ZINAYI ZIMENE ZIMAKWEZA MTENGO

Kusiyana kwa mtengo pakati pa makompyuta awiri kumachokera makamaka pa ziwalo zinayi, ndipo munthu amene wadziwa ntchito ya chiwalo chilichonse sangapusitsidwe msanga. Tiyerekeze ndi ofesi ya kalaliki. Purosesa ndiye kalaliki mwini wake, amene awerengera ndi kulemba. RAM ndilo tebulo lake, pamene amayala mapepala amene akuwagwiritsa ntchito pa nthawiyo. Disiki ndiyo kabati yosungiramo mafayilo onse. Chiwalo chachinayi, chimene ogulitsa amachitcha graphics card, ndicho mmisiri wapadera wojambula, amene amaitanidwa pokhapokha ntchito ili ya zithunzi zovuta.

Kalaliki angakhale wanzeru ndi wachangu chotani, ngati tebulo lake lili laling'ono, adzataya nthawi yake yambiri akuchotsa pepala ili kuti aikepo lina. Ndi mmenenso imachitira kompyuta ya RAM yochepa. Kampani ya Microsoft imanena kuti Windows 11 ikhoza kuyenda pa RAM ya 4 GB, koma amenewa ndi malire otsikitsitsa, ndipo amene anayesapo kugwira ntchito pa makina otere adziwa kuchedwa kwake. RAM ya 8 GB imakwanira kulemba makalata, kuwerengera ndalama ndi kuyenda pa intaneti. Ya 16 GB imapatsa munthu mtendere ngakhale atatsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi. Kupitirira pamenepo, kalaliki wamba sadzaona kusiyana kulikonse, monga momwe munthu wolemba kalata imodzi sapindula kanthu ndi tebulo lalikulu ngati la m'chipinda cha msonkhano.

Nkhani ya disiki ndiyo imene ambiri saidziwa, chonsecho ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu. Disiki yakale, yotchedwa hadi disiki, ili ndi timbale tozungulira kokwana 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kamene kamayendayenda kufunafuna pamene palembedwa chinthu. Imawerenga pafupifupi 100 mpaka 200 MB pa sekondi. Disiki yatsopano, yotchedwa SSD, ilibe chozungulira chilichonse. Ya mtundu wa SATA imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, ndipo ya mtundu wa NVMe imafika pa masauzande angapo. Kompyuta ya SSD imayaka ndi kukonzeka m'masekondi ochepa, pamene ya hadi disiki ikhoza kudikiritsa munthu mphindi yathunthu kapena kuposa. Choncho ngati makina odulawo ali ndi SSD ndipo otchipawo ali ndi hadi disiki yokha, ndalama zoonjezerazo zikugula chinthu chimene mudzachiona m'mawa uliwonse. Koma kumbukiraninso kuti m'makompyuta ambiri a patebulo mmisiri akhoza kuikamo SSD mosavuta, ndipo nthawi zina kutero kumatchipa kuposa kugula makina odulawo.

Graphics card ndicho chiwalo chimene chimakweza mtengo kuposa zonse, moti yamphamvu kwambiri ikhoza kudula kuposa kompyuta yonse ya muofesi. Ili ndi ntchito kwa wokonza mafilimu a maukwati ndi a nyimbo, kwa wojambula mapulani a nyumba ooneka mbali zonse, ndi kwa anyamata okonda masewera a pakompyuta. Kwa mlembi, kwa wowerengera ndalama ndi kwa mphunzitsi, imeneyi ndi thalakitala yogulidwa kuti ilime dimba la masamba la kuseri kwa nyumba.

MSAMPHA WA DZINA

Tsopano tifike pa purosesa, pamene anthu ambiri akodwa. Kampani ya Intel inazolowetsa anthu maina atatu, Core i3, Core i5 ndi Core i7, ndipo kampani ya AMD nayo ili ndi Ryzen 3, Ryzen 5 ndi Ryzen 7. Anthu ambiri anangomva kuti i7 ndiyo yapamwamba, ndipo akaona kachizindikiro kameneka pa bokosi amatulutsa ndalama osafunsanso. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dzinalo limangosonyeza udindo wa purosesa pakati pa anzake a m'badwo umodzi. M'badwowo umaoneka pa manambala otsatira dzinalo. Purosesa yolembedwa i7-4770 ndi ya m'badwo wachinayi, ndipo inatuluka mu 2013. Yolembedwa i5-8500 ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu. Yolembedwa i3-12100 ndi ya m'badwo wa 12, ndipo inatuluka mu 2022. Mukaika i7-4770 ndi i3-12100 pa ntchito imodzi, i3 ija imapambana kutali, ngakhale dzina lake lili lonyozeka. Mkulu wa asilikali amene anapuma kalekale sangathamange kuposa msilikali wamba wa zaka makumi awiri. Kuyambira kumapeto kwa 2023 Intel inayamba kugwiritsanso ntchito maina ena, monga Core Ultra, choncho njira yosalephera ndiyo kufunsa chaka chimene purosesayo inatuluka.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri kuno kwathu chifukwa makompyuta ambiri a patebulo amene amagulitsidwa m'matauni athu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Ambiri ndi a mitundu ya Dell OptiPlex, HP ProDesk, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Makina amenewa anapangidwa kuti azigwira ntchito tsiku lonse, ndi olimba, ndipo ndi osavuta kutsegula ndi kukonza. Palibe chochititsa manyazi pogula otere. Chofunika ndi kudziwa msinkhu wawo, ndi kukana kulipira mtengo wa mwana wa ng'ombe pogula nkhalamba.

TSIKU LA 14 OKUTOBALA 2025

Msinkhu wa makina unakhala nkhani yaikulu chifukwa cha chigamulo cha kampani ya Microsoft. Pa 14 Okutobala 2025 kampaniyi inaleka kupereka thandizo laulere la nthawi zonse kwa Windows 10. Makompyuta a Windows 10 sanaleke kuyaka tsiku limenelo, koma zigamba zimene kampaniyo inali kutumiza mwezi ndi mwezi, zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo, zinasiya kubwera. Amene analembetsa mwapadera anapatsidwa chaka chimodzi choonjezera, chothera mu Okutobala 2026.

Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, simalola makina alionse. Imafuna kachiwalo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo kawirikawiri imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena wotsatira, kapena ya AMD Ryzen ya gulu la 2000 kupita m'tsogolo. Kunena mwachidule, makina ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike anatsala kunja kwa mpanda. Amisiri ena amadziwa njira zokakamizira Windows 11 kulowa m'makina akale, koma Microsoft inachenjeza kuti silonjeza kutumiza zigamba ku makina otere.

Apa ndi pamene ndalama zoonjezera zili ndi phindu losakayikitsa. Ngati makina awiri asiyana mtengo chifukwa amodzi ndi a m'badwo wachisanu ndi chimodzi ndipo enawo ndi a m'badwo wachisanu ndi chitatu, wogula odulawo akugula zaka zina za chitetezo, makamaka ngati pa kompyutayo padzasungidwa maina a makasitomala, malipiro a antchito kapena zolowera ku banki. Amene alibiretu ndalama zoonjezerazo asataye mtima. Pali mapulogalamu aulere a banja la Linux, monga Ubuntu ndi Linux Mint, amene amayenda bwino pa makina akale ndipo amalandira zigamba, pamodzi ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera. Chofunika ndi kuyamba mwafufuza ngati pulogalamu imene ntchito yanu imadalira ingathe kuyenda pamenepo.

MAGETSI NAWO ALI NDI MAWU

Pali chinthu china chimene wogula wa ku London kapena ku New York sachiganizira kwambiri, koma ife sitingachiiwale. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo a ku Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunavuta kufikira malowo atakonzedwa mu 2023. Kompyuta ya patebulo ilibe batire monga laputopu. Magetsi akathima mwadzidzidzi imathima nthawi yomweyo, ntchito yosasungidwa imatayika, ndipo mafayilo akhoza kuonongeka. Magetsi akabweranso ndi mphamvu yopitirira muyeso akhoza kutentha ziwalo za m'kati, osayang'ana kuti makinawo anagulidwa ndi ndalama zingati.

Chifukwa cha ichi, munthu amene ali ndi ndalama zapadera ayambe waganiza za UPS, kabokosi ka batire kamene kamaikidwa pakati pa khoma ndi kompyuta. Kamapatsa munthu mphindi zingapo zosungira ntchito yake ndi kuthimitsa makina mwadongosolo. Kompyuta ya mtengo wapakati yokhala ndi UPS idzakhalitsa kuposa kompyuta yodula yolumikizidwa pakhoma popanda chitetezo.

Tsono walira mvula walira matope. Makina amphamvu amadyanso magetsi ambiri. Kompyuta wamba ya muofesi ikhoza kudya mawati 50, pamene ya graphics card yaikulu ikhoza kudya mawati 300 kapena kuposa ikakhala pa ntchito yolemetsa. Pa maola 8 tsiku lililonse, masiku 22 pa mwezi, yoyambayo idzadya mayunitsi osafika 9, pamene yachiwiriyo idzadya mayunitsi oposa 50. Yachiwiriyo idzafunanso UPS yaikulu, ndipo kwa amene adalira magetsi a dzuwa idzafuna mabatire ndi masola ochuluka. Imatenthanso kwambiri, ndipo m'nyengo ya Okutobala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, kutentha pamodzi ndi fumbi ndiwo adani aakulu a makina.

ZIMENE ZINGAONJEZEDWE NDI ZIMENE SIZINGAONJEZEDWE

Ubwino waukulu wa kompyuta ya patebulo ndi wakuti imatseguka, ndipo mwini wake akhoza kuonjezera RAM kapena kusintha disiki ntchito ikakula. Koma si makina onse amene ali otere, ndipo Mac mini ya 2024 imene taitchula kale itiphunzitsa kanthu. Pa kutuluka kwake, ya madola 599 inali ndi RAM ya 16 GB ndi disiki ya 256 GB. Ya madola 799 inali ndi purosesa yomweyo ndi RAM yomweyo, koma disiki ya 512 GB. Ya madola 999 inali ndi RAM ya 24 GB ndi disiki ya 512 GB. Wogula yachiwiriyo analipira madola 200 chifukwa cha malo osungira okha, chonsecho pa nthawiyo SSD yapadera ya 1 TB, yongolumikiza ndi chingwe, inali kugulidwa ndi ndalama zochepera pamenepo. Koma RAM ya makina amenewa inamangidwira pamodzi ndi purosesa, ndipo singaonjezedwe ndi mmisiri aliyense. Amene ntchito yake ifuna RAM yambiri ayenera kulipira pa tsiku logula, pakuti mwayi wachiwiri palibe.

Lamulo lake nali: lipirani msanga pa chinthu chimene simudzatha kuchisintha, ndipo musafulumire kulipira pa chimene mungadzachionjezere. Komabe musayembekezere kuti ziwalo zidzatsika mtengo chaka chilichonse. Kumapeto kwa 2025 mtengo wa RAM unakwera kwambiri padziko lonse, chifukwa makampani aakulu omanga makina a nzeru zochita kupanga, zotchedwa AI, anali kugula yambiri. Tikaonjezapo kusinthasintha kwa mphamvu ya Kwacha, tiona kuti chimene munthu akuchifunadi chaka chino ndi bwino achigule chaka chino.

KUWERENGERA KWAKE

Mtengo weniweni wa kompyuta sudziwika pa tsiku logula. Umadziwika tikagawa ndalamazo ndi zaka zimene makinawo adzagwira ntchito. Tiyerekeze kuti kompyuta ina ikugulitsidwa K600,000 koma ndi yakale, ndipo idzafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Ina ikugulitsidwa K900,000 ndipo idzagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Yoyambayo idzadya K300,000 pa chaka, yachiwiriyo K150,000 pa chaka. Yotchipayo ndiyo yodula. Koma tiyerekezenso kuti pali yachitatu ya K1,800,000, imene nayonso idzagwira ntchito yomweyo ya makalata zaka zisanu ndi chimodzi zomwezo. Imeneyo idzadya K300,000 pa chaka, ndipo makalata ake sadzasiyana ndi a yachiwiri ija ngakhale pang'ono. K900,000 yoonjezerayo ikanatha kugula UPS, pulinta ndi mapepala.

Kuwerengeraku kumasintha kwa munthu amene makinawo ndiwo khasu lake. Wokonza mafilimu amene amadikira maola anayi kuti filimu ya ukwati ithe kukonzedwa, pamene makina amphamvu akanaimaliza mu ola limodzi, akutaya makasitomala tsiku ndi tsiku. Kwa iye makina odula adzabweza okha ndalama zake. Choncho funso loyenera si lakuti makina abwino ndi ati, koma lakuti ntchito yanga imachedwa pati, ndipo kodi ndalama zoonjezerazi zikuchotsa kuchedwa kumeneko?

Waranti nayo ndi gawo la mtengo. Makina atsopano ogulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka amakhala kawirikawiri ndi waranti ya chaka chimodzi, ndipo ena a m'maofesi amafika zaka zitatu. Ogwiritsidwapo kale ntchito amakhala ndi waranti yaifupi, kapena sakhala nayo konse. Kwa sukulu kapena chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene mmisiri ali kutali, lonjezo lolembedwa lakuti makina akaonongeka adzakonzedwa ndi loyenera kulilipirira.

MAFUNSO OPITA NAWO KU SITOLO

Safunsa anadya phula. Wogula asachite manyazi kufunsa wogulitsa mwaulemu, koma mosabwerera m'mbuyo: "Achimwene, purosesa imeneyi nambala yake yonse ndi yotani, ndipo inatuluka chaka chiti? Kodi makinawa amalandira Windows 11 popanda kukakamiza? RAM ndi yochuluka bwanji, ndipo malo oonjezera ina alipo? Muli SSD kapena hadi disiki? Waranti ndi ya miyezi ingati, ndipo mundilembera pa lisiti?" Wogulitsa woona mtima sadzakwiya ndi mafunso amenewa. Adzayatsa makinawo pamaso panu nakuonetsani zonsezi pa sikirini, pakuti kompyuta imanena yokha zimene zili m'kati mwake. Amene azengereza kuyatsa makina, musiyeni ndi katundu wake.

Uphungu wathu kwa awerengi ndi uwu. Lembani papepala ntchito zimene kompyutayo idzagwira musanatuluke m'nyumba. Ngati zili za makalata, mawerengero ndi intaneti, funani makina a purosesa yolandira Windows 11, RAM ya 8 GB kapena 16 GB, ndi SSD, ndipo ndalama zotsalazo mugulire UPS ndi disiki yapadera yosungirapo mafayilo anu kachiwiri. Ngati zili za mafilimu ndi mapulani, lipirani mtengo wokwerawo ndi mtima umodzi, pakuti mukugula chida chopezera chakudya. Ndalama zoonjezera zimene zigula zaka, chitetezo ndi liwiro pa ntchito yanu yeniyeni zagwira ntchito yake. Zimene zigula dzina, timagetsi tamitundumitundu ndi bokosi lonyezimira ndi bwino zitsale m'thumba.